Mvula ya ku Bembeke, madzi a ku Mtakataka

Munthu wonyamuka ku Dedza boma m'mawa wa mu Juni amavala juzi ndi chipewa, mano akuguguda. Akakhota pa Masasa n'kutsetsereka ndi msewu wa Khwekhwerere, pofika pa Golomoti juzi ija ili m'chikwama, thukuta lili kamukamu. Golomoti nayo ili m'boma la Dedza, koma munthuyo watsika mamita oposa 1,000. Tauni ya Dedza inakhala pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'Malawi muno mulibe tauni ina yokwera chotere. Nsonga ya phiri la Dedza imafika mamita 2,198, pamene nyanja, kumene kumathera dziko la mfumu Kachindamoto, ili pa mamita osakwana 500.

Madzi nawo amatsika phiri lomweli, koma alibe nthawi yokhotakhota. Linthipe amayambira m'mapiri muno n'kulowera kumpoto, kutenga Diamphwe ndi Lilongwe m'njira, kukathira m'nyanja ku Salima. Namikokwe, Nadzipulu ndi Livulezi imagwera kum'mawa, kudumpha matanthwe mpaka kuchigwa cha Golomoti, Mua ndi Mtakataka. Anthu a kuchigwako amadziwa chinthu chimene mlendo sangakhulupirire msanga: mvula ikhoza kugwa usiku wonse ku Bembeke, kwawo nyenyezi zili ngwee, koma tambala woyamba asanalire madzi ali pakhonde, ofiira ndi dothi la m'minda ya eni ake. Woona mvula ndi wina, wonyowa ndi wina. Mbiri ya mmene anthu a ku Dedza akhala akukonzekera nyengo yoipa yagona pa mtunda umenewu, wa pakati pa awiriwa.

Kale nkhani ya mvula inali ndi eni ake. M'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama munali kachisi wa Msinja, kumene kunkakhala Makewana, mayi amene Achewa ankati ndi mkazi wa Chauta. Tsitsi lake silinkametedwa, poopa kumeta mvula. Ankatumikiridwa ndi matsano, ndipo ng'oma ya Mbiriwiri ndiyo inkaitana anthu ku nsembe. Kukachita ng'amba mafumu ankatumiza mithenga ndi mphatso zakuda, nsalu kapena chiweto, mtundu wa mitambo yodzala madzi. M'midzi munalinso akachisi awoawo, patsinde pa mtengo waukulu, pomwe akuluakulu ankathira ufa ndi mowa. Wina akhoza kutsutsa zoti nsembe inkagwetsa mvula, koma chimene mwambowu unasunga chikuonekabe ndi maso: m'nkhalango ya pakachisi, ya kumanda ndi ya kudambwe simunkalowa nkhwangwa mwachisawawa. Mpaka lero woyenda pamsewu wa M1 akaona kankhalango ka mitengo yachilengedwe katatsala kokha pakati pa minda, sasowa kufunsa. Pamenepo ndi pamanda.

Mapiri enieniwo anali pothawira. M'mapanga a Chongoni, monga Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi, muli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika malo 127 a kumeneku pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Mapangawa ankabisa anthu ku mvula ndi chisanu zaka zikwi zambiri, ndipo nkhondo za Angoni zitavuta m'zaka za m'ma 1800, midzi yathunthu inakwera m'mapiri ndi mbewu zake. M'mitima ya anthu a kumtunda munakhazikika chikhulupiriro chakuti ngozi imachokera pansi, pamwamba m'pabwino.

Kukonzekera kwa tsiku ndi tsiku kunali ntchito ya maso ndi manja. Akuluakulu ankayang'ana mitengo ikaphuka masamba ofiira chilimwe chili pakati, anamzeze akayamba kuzungulira m'munsi, nyerere zikamatuta chakudya mothamanga, mphepo ikatembenuka kuchoka ku mwera kupita ku mpoto. Mango ndi masuku zikabereka mopyola muyeso ankati chaka chimenecho n'chanjala, ufa uyambe kusinidwa. Chizimalupsa chikangogwa, aliyense ankadziwa kuti nthawi yozengereza yatha: udzu umene unamwetedwa mu Juni ukwere padenga, luzi lanyikidwa kale, ngalande yozungulira nyumba ikumbidwe.

Ndiye panali nkhokwe. Inkalukidwa ndi nsungwi, n'kukhazikidwa pa phaka lokwezedwa ndi miyala kapena mphanda kuti chinyontho chisafike, n'kumatidwa ndi dothi mvula isanayambe. Denga lake ankalimangira pansi, kenaka amuna angapo n'kulikweza pamodzi, pajatu mutu umodzi susenza denga. Pambali pa chimanga pankakhala mawere, amene amatha zaka osafumbwa, m'nyumba mutapachikidwa zikwatu za mfutso wa nkhwani ndi khwanya. Nkhokwe inkaima pabwalo, poonekera, kotero mudzi wonse unkadziwa banja limene latsala pang'ono kugona ndi njala, mwini wake asanatsegule pakamwa.

Atsamunda atabwera anaona zomwezo zimene makolo ankaona, kuti madzi amasungidwa ndi phiri, koma anazigwira ndi chikoti. M'zaka za m'ma 1920 nkhalango za Dedza ndi Chongoni zinakhala za boma, ndipo pambuyo pake m'mapirimo munadzalidwa paini. Itatha njala ya 1949 malamulo a zaulimi anakhwima. Mlimi ankakakamizidwa kuunda mizere yopingasa, kukumba migula, kuleka kulima m'mphepete mwa mtsinje ndi pamalo otsetsereka kwambiri. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa, ena kumangidwa, ena kuzuliridwa mbewu. Anthu anangozitcha malimidwe, dzina limene linkatchulidwa ndi mkwiyo. Mu 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani II ya ku Lizulu, m'malire a Ntcheu ndi Dedza, inauza anthu ake kuti asamvere malamulo amenewa. Boma linaichotsa paufumu, ndipo inamwalira chaka chotsatira. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, kuuza munthu wa kuno kuti akumbe mgula kunali kumukumbutsa chindapusa ndi ndende. Nzeru inali yoona, koma inalowa m'mudzi ndi msilikali, ndipo ufulu utabwera ambiri anaitaya pamodzi ndi msilikaliyo.

Zaka za pakati pa 1986 ndi 1994 zinasintha nkhope ya Dedza kuposa zina zonse. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ya ku Mozambique itafika ku Angonia, anthu anawoloka malire miyandamiyanda. Kuno malirewo ndi msewu chabe, ndipo othawawo ambiri anali abale, olankhula chinenero chomwechi, kotero ankapatsidwa malo m'midzi momwemo. Dziko lonse la Malawi linasunga anthu oposa 1 miliyoni, Dedza ndi Ntcheu zili m'gulu la maboma amene anasenza ambiri. Banja lililonse linkafuna mitengo yomangira ndi nkhuni zophikira, ndipo mapiri a m'malire anayera. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992 alendowo anayamba kubwerera, koma mitengo sinabwerere nawo. Nthawi yomweyo ndi imene mabungwe othandiza anazika mizu m'bomali. Concern Universal, imene pambuyo pake inatchedwa United Purpose, inayambira ntchito zake za m'Malawi ku Dedza komweku, pothandiza othawa nkhondo ndi midzi yowalandira.

Pakati pa zimenezi nthaka nayo inagwedezeka. Pa 10 Malichi 1989 chivomerezi chimene chinayambira cha ku Salima chinang'amba nyumba mpaka ku Dedza, chinapha anthu 9 n'kusiya pafupifupi 50,000 opanda pogona. Patangotha zaka ziwiri, mu Malichi 1991, phiri la Michesi ku Phalombe linatsitsa madzi, matope ndi miyala, anthu mazanamazana n'kufa. Kumeneko amati wadutsa napolo, monga ankanenera ku Zomba mu 1946. Ngozi imeneyi ndiyo inabala lamulo la 1991 loona za kukonzekera ngozi ndi kupereka thandizo, gwero la nthambi imene lero aliyense amaitchula kuti DoDMA, ndi makomiti ake otsika kuchokera kwa DC mpaka kumudzi.

Papepala makomitiwo analipo, koma njala ya 2002 inapeza ambiri ali m'tulo. Inayamba ndi mvula yochuluka, osati chilala. Kumayambiriro kwa 2001 madzi anadikha m'minda, chimanga chinachita chikasu, zokolola zinatsika. Pamene anthu ankati athamangire ku ADMARC, zinadziwika kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma, matani oposa 160,000, chinali chitagulitsidwa. Mitengo inakwera kangapo, ndipo chigawo chapakati chinalawa zowawa. Anthu anadya madeya, zitsinde za nthochi ndi mizu yakutchire, mbuzi inkasinthidwa ndi mbale zochepa za chimanga, wogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'munda ankachitidwa zoopsa. Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi kumapeto kwa Febuluwale 2002, maliro atayamba kale m'midzi.

Chiyambire nthawi imeneyo nkhokwe za pabwalo zakhala zikutha. Kuopa akuba ndi nankafumbwe wamkulu kunachititsa anthu kutonola chimanga, kuthira mankhwala, n'kuchisunga m'matumba kuchipinda. Izi zinatseka khomo limodzi n'kutsegula lina. Lero chipupa chikagwa ndi mvumbi, kapena denga likasasuka usiku, banja limataya pogona ndi chakudya cha chaka chonse nthawi imodzi. Ndipo poti matumba ali kuseri kwa chitseko, mudzi sudziwanso msanga amene ufa wamuthera.

Kuchigwa phunziro linabwera ndi mtsinje wa Namikokwe. Sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, inamangidwa ku Mtakataka ndi thandizo la dziko la Japan chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo inasandutsa derali kukhala la mpunga. Sipanapite zaka zambiri, madzi osefukira anagumula gombe n'kuwononga ngalande yaikulu, mpaka eni thandizowo anabweranso kudzakonza. Mchenga umene unkakwirira ngalandezo sunali wa ku Mtakataka. Unkachokera kumtunda, m'minda ya kachewere, nyemba ndi kabichi yokwera m'mapiri opanda mitengo. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa likadzala mchenga madziwo amafuna lina, kudzera m'mudzi.

Apa m'pamene makomiti a m'midzi, amene anthu amangowatchula kuti a VCPC, anayamba kudzuka. Kuyambira 2011 mpaka 2017 pulogalamu ya DISCOVER, yotsogozedwa ndi Concern Universal, inagwira ntchito ku Dedza, Salima, Balaka, Karonga ndi Nsanje, ndipo mabungwe monga CADECOM ndi Malawi Red Cross Society nawo akhala akuphunzitsa midzi. Ntchito ya komiti yotere ndi yooneka ndi maso. Anthu amasonkhana pabwalo la mfumu, wina n'kujambula mudzi pansi ndi kamtengo: apa mtsinje, apa pamene unadzera chaka chija, apa mjigo, apa sukulu kapena tchalitchi chimene chili pokwera. Amalemba mayina a agogo, olumala, amayi oyembekezera ndi ana amasiye, n'kugawana kuti pa tsiku la ngozi uyu adzanyamulidwa ndi yani. Amagwirizana njira yodzera, ndi kumene mbuzi ndi ng'ombe zidzapite. Ngozi ikachitika, komiti yomweyi ndiyo imawerenga nyumba zogwa n'kutumiza lipoti ku komiti ya kwa T/A, iyo n'kupititsa kwa DC. Thumba la chimanga la makilogalamu 50, mabulangete, ndowa ndi mapepala apulasitiki ofolera zimatsata mndandanda umenewo, n'chifukwa chake kulemba mayina kumabala mikangano kuposa ntchito ina iliyonse.

Chida chachikulu ndi chenjezo. M'mphepete mwa mtsinje, chakumtunda, amazika chitsulo kapena kupenta mwendo wa mlatho mitundu itatu. Madzi akakhala pobiriwira, anthu agone. Akafika pachikasu, woyang'anira amaimba foni kwa anzake a kumunsi kuti akhale tcheru, katundu akwere pamwamba, zikalata ndi mabuku a kuchipatala zilowe m'pulasitiki. Akakhudza pofiira palibenso kukambirana: wenzulo, chimkuzamawu, belu la kutchalitchi, ng'oma, chilichonse chimene chingadzutse munthu. Maola awiri kapena atatu amene madzi amatenga kuti atsike ndiwo chuma chonse cha anthu a kuchigwa. Kudzera m'pulojekiti ya M-CLIMES, imene boma linayendetsa ndi UNDP, mitsinje ya m'maboma 8, Dedza ili momwemo, inaikidwa makina oyendera dzuwa amene amayeza okha msinkhu wa madzi n'kutumiza uthenga pafoni. Luso lake linachokera ku bungwe la ICIMOD la ku Nepal, dziko limene nalonso mvula imagwa m'mapiri n'kukapha anthu kuchigwa. Komabe makina angalize chenjezo, amene amagogoda pachitseko cha gogo wosamva bwino n'kumubereka kumsana ndi mnyamata wa m'mudzi momwemo.

Nanga a kumtunda? Iwo madzi sawalowera m'nyumba kawirikawiri, koma chaka sichitha osalira. Mvula yoyamba, ya mu Novembala ndi Disembala, imabwera ndi mkuntho, matalala ndi ziphaliwali. Kwa Kachere, Kaphuka, Kasumbu, Chilikumwendo ndi Kamenyagwaza nkhani imakhala ya madenga: malata a sukulu atapindika ngati chipepala, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, fodya ndi chimanga chanthete zitaboolekaboleka. Mvumbi ukakhalitsa, nyumba za mdindo ndi za zidina zimamwa madzi kuchokera pansi mpaka chipupa kukhala pansi, ndipo m'minda ya kachewere ndi tomato mumalowa chiwawu. Mu Juni ndi Julayi chisanu cha m'madambo chimatha kuwawula mbewu za kudimba usiku umodzi. Mu Malichi 2019, mvula ya namondwe Idai itavuta, Dedza inali m'gulu la maboma 15 okhudzidwa.

Woyenda m'midzi ya kuno amaona mayankho a anthu ali padenga: njerwa, miyala ndi matayala akale zotsendereza malata. Amisiri odziwa ntchito amachita zoposa apo. Amazika waya m'chipupa mizere ingapo ya njerwa isanathe, n'kumangirira mitengo ya denga kuti mphepo ikafuna kunyamula malata inyamule ndi chipupa chomwe. Amatseka mpata wa pakati pa chipupa ndi denga, poti mphepo imalowera pamenepo. Amayala maziko a njerwa zootcha kapena miyala, n'kukweza khonde kuti madzi a padenga asanyambite chipupa. Zambiri mwa izi zili m'malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba amene boma linatulutsa chitachitika chivomerezi cha ku Karonga mu 2009. Vuto ndi lakuti waya, misomali ndi simenti zimafuna ndalama mwezi womwewo umene feteleza akufunanso ndalama.

Kalosera wa nyengo naye anasintha. Chaka chilichonse, mvula isanayambe, nthambi yoona za nyengo imalengeza mmene dzinja likuyembekezeka kukhalira, n'kuphwanya ulosiwo boma ndi boma. Alangizi a zaulimi amautengera ku magulu a alimi, wayilesi zimaulutsa m'Chichewa, ndipo machenjezo a mkuntho amayenda pa WhatsApp kuchoka pafoni ya mphunzitsi kupita kwa mfumu. Mlimi wa ku Lobi kapena ku Mayani amamvetsera zonsezi, kenaka amayang'anabe nyerere ndi mitengo, n'kuphatikiza ziwirizo posankha tsiku lodzala.

Namondwe Freddy, mu Malichi 2023, anakantha kwambiri chigawo chakumwera, koma uthenga wake unali wa anthu okhala m'mapiri kulikonse. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo ambiri sanaphedwe ndi mtsinje wa kuchigwa. Anakwiriridwa ndi phiri, ku Soche ndi Chilobwe mu Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Chikhulupiriro chakale chija, chakuti pamwamba m'pabwino, chinagwa nthawi imeneyo. Tauni ya Dedza inatsamira phiri, nyumba zikukwerabe chokwera, ndipo paini wambiri amene ankagwira nthaka anachekedwa matabwa kapena kupsa ndi moto wolusa. Ku Dzalanyama kuotcha makala kunafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali a nkhondo kukalondera mitengo. Patangotha mwezi umodzi Freddy atadutsa, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa la 1991, lotsindika kukonzekera ngozi isanagwe m'malo modikira kugawa mabulangete.

M'mapiri a Dedza tsopano mukuoneka ntchito imene agogo a anthu omwewa ankapitira kundende poikana. Pansi pa pulogalamu ya Mbwezera Chilengedwe, magulu a amayi ndi abambo amakumba maswale opingasa phiri, kuunda akalozera, kudzala vetiva, kutseka zigwembe ndi miyala, ndi kusamalira zitsa kuti ziphukenso. Kusiyana kwake n'kwakuti lero amalandira kangachepe, ndipo malo ogwirapo ntchito amakambirana okha ndi alangizi. Dzenje lililonse limene lagwira madzi ku Bembeke ndi madzi amene sadzafika ku Mtakataka usiku umodzi.

Chotsala ndi malo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 830,512 m'boma la Dedza, ndipo chiwerengerochi chikukwerabe pamene nthaka ili yomweyo. Mnyamata wa kumtunda akakwatira, munda umene angaupeze ndi wa pamalo otsetsereka amene atate ake ankausiya dala. Wa kuchigwa akauzidwa kuti asamukire kumtunda amafunsa kuti akalima pati, poti dothi limene madzi amabweretsa ndi lomwelo limene limabereketsa mpunga ndi chimanga cha kudimba popanda feteleza wambiri. Mabanja ena apeza njira yapakati: nyumba yeniyeni ndi matumba a chimanga pokwera, kuchigwa kukhale munda ndi kachisakasa kogonamo nthawi yolima. Lamulo la 2023 limapatsa boma mphamvu yolengeza kuti malo akutiakuti ndi oopsa kukhalapo n'kusamutsa anthu. Koma malo osamukirako ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja amene akulimapo kale, ndipo nkhani imeneyi ikukambidwabe m'mabwalo a kwa Kachindamoto, mudzi ndi mudzi.